Amayi anabwerera m'nyumba ya mdindo

Chaka chimene ndinamaliza kubweza ngongole ya nyumba imene ndinawamangira amayi kumudzi ku Kasungu, ndi chaka chomwechonso chimene ndinazindikira kuti eni akewo sagonamo. Palibe amene ananditsina khutu. Ndinangofika ndekha Loweruka lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, osatumiza uthenga kuti ndikubwera. Chitseko cha nyumba yatsopano ndinachipeza chokhoma ndi loko. Nditasuzumira pazenera ndinaona matumba a chimanga ndi mtedza ataunjikidwa pabalaza, njinga ya mphwanga itatsamira khoma, ndipo pa bedi limene ndinavutika nalo pa basi kuchokera ku Lilongwe panalibe ngakhale chofunda. Amayi ndinakawapeza kuseri, atayala mkeka pakhonde la nyumba yakale ya mdindo, akusankha nyemba m'lichero.

Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, ndinalephera kudziletsa.

"Amayi, kodi mwasamuka liti?"

"Sindinasamuke mwanawe. Ndimangogona kuno nyengo ino yokha. Mvula ikayamba ndibwerera."

"Chavuta n'chiyani mujamo?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakufuna kukhumudwitsa mwana wake. "Nyumba ndi yabwino ija, anthu onse amaiyamikira. Kungoti usiku mumakhala ngati mu uvuni."

Mawu akuti uvuniwo anandilasa, chifukwa uvuni ndi umene unandidyera ndalama ndi zina zambiri zimene ndizitchula kutsogoloku. Tsiku limenelo ndinadya nsima mtima uli pena. Ndinkadzifunsa kuti anthu a m'mudzi akuti chiyani akamaona mayi wa mphunzitsi akugona m'nyumba ya udzu, nyumba ya malata ikugonedwa ndi chimanga. Amalume atabwera madzulo sananenepo kanthu za nkhaniyi, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandiseka.

Nyumba yakaleyo anamanga ndi malemu bambo ndisanayambe sukulu. Kwa amene anakulira m'tauni ndifotokoze pang'ono mmene mdindo umamangidwira. Sipakhala kuumba njerwa ayi. Amakumba dothi pafupi pomwepo, n'kuliwaza madzi pang'ono, osati kuti likhale matope koma kuti ukalifumbata m'manja ligwirane. Kenaka amaimika chikombole cha matabwa awiri pamene padutse khoma, n'kuthiramo dothilo pang'onopang'ono, wina akusinja ndi mtengo wonga munsi mpaka dothi litalimba moti mtengowo uyamba kulira mosiyana. Akatero amasuntha chikombole chija, n'kuyambanso, kuzungulira nyumba yonse, mzere pamwamba pa mzere unzake. Makoma ake amatuluka ochindikala, ndipo a nyumba yathu ndi ochindikala moti pazenera pamakhala nyali, sopo ndi mpeni wa amayi popanda kugwa. Denga lake ndi la udzu, lotsetsereka kwambiri, ndipo limatsika kuzungulira nyumba yonse mpaka munthu wamtali amawerama polowa pakhonde. Bambo sanagule chinthu china chilichonse kupatula misomali ya chitseko ndi mahinjesi. Dothi linachokera pabwalo, mapaso ndi luzi kuthengo, udzu kudambo, ndipo anthu owathandiza anawalipira ndi mowa ndi nkhuku.

Ndili mwana sindinkaona luso lililonse m'zimenezi. Ndinkangoona ntchito ndi manyazi. Chaka chilichonse tinkamweta udzu, kuusenza, kufolera pamene payamba kudontha. Alongo anga ankazira pansi ndi dothi lakuda mpaka mawondo kuchita zipsera. Nditapita ku sekondale yogonera konko ndinkapemphera kuti anzanga asadzaone kwathu. Pa mafomu opempha thandizo la fizi pankakhala funso lakuti nyumba yanu ndi yofolera ndi chiyani, ndipo ndinaphunzira msanga kuti ukalemba kuti udzu, ndiye kuti wavomera kuti ndiwe wosauka. Ngakhale a kalembera akamazungulira m'midzi amayang'ana denga ndi khoma, n'kuika nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata m'gulu la nyumba zokhazikika, ya dothi ndi udzu m'gulu lina.

Maganizo amenewa sanayambe ndi ife. Amene anafikako ku Blantyre akudziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene amishoni a ku Scotland anamanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo. Mpaka lero chidakaima, ndipo n'chokongola zedi. Kuyambira nthawi imeneyo mishoni, boma, sitolo ya mmwenye ndi nyumba ya ahedi zonse zinali za njerwa zowotcha. Amene ankabwerako ku Joni kapena ku Halale ankaonetsa kuti sanapite pachabe pokhoma malata. Choncho ine nditayamba kulandira malipiro, panalibe zoti ndiganizire kawiri. Mwana wolongosoka amawachotsa makolo ake m'nyumba ya udzu, basi.

Ndinatenga ngongole, n'kulemba anyamata anayi oumba njerwa. Anakumba dzenje kuseri kwa khola, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti njerwa zinali zitauma, zitasanjidwa kukhala uvuni wa makomo asanu. Apa ndi pamene panabuka nkhani ya nkhuni. Amene anawotchapo njerwa akudziwa kuti uvuni sufuna tinthambi ta m'munda. Umafuna zipika zikuluzikulu, makamaka zaziwisi, zoti zinyeke pang'onopang'ono usana ndi usiku moto osazima. Kwathu ku Kasungu mitengo yachilengedwe inatha kalekale ndi fodya: zigafa, mabalani, ndi minda yatsopano chaka ndi chaka. Ogulitsa nkhuni anatchula mtengo wa ngolo imodzi, ine n'kuwerengetsa ngolo zimene zinkafunika, mutu unaima.

Kumadzulo kwa bwalo lathu kunali mitengo itatu ya mango imene bambo anabzala, ndi mtengo umodzi waukulu wa mtondo umene anausiya dala polima. Mmodzi wa anyamata aja ndiye anayamba kuiloza. Ine ndinavomera msanga kuposa mmene ndimafunira kukumbukira. Ndinauza amayi kuti mitengoyo yakalamba, mango ake ndi a maloka okhaokha, tidzabzala ina ya makono yobereka msanga. Iwo anangoti, "Nyumba ndi yako mwanawe, chita mmene waonera." Amalume anafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi anthu obwera pamaliro kapena pamilandu azidzakhala pati. Ndinawayankha kuti m'nyumba yatsopano mudzakhala balaza lalikulu.

Mitengo inayi imene inatenga zaka zoposa 30 kuti ikule inapsa masiku osakwana atatu. Ndipo ngakhale zinatero, njerwa za m'mphepete mwa uvuni sizinapse bwino. Zambiri zinkafumbutuka pozitsitsa, zina zinasweka m'manja mwa mmisiri, moti mulu wa zibenthu unatsala pamenepo zaka zingapo.

Pomanga penipenipo ndalama zinali zitayamba kuchepa, ndipo ine ndi mmisiri tinagwirizana zochepetsa apa ndi apo. Khoma tinaliyala njerwa imodzi chogona m'litali, kuti njerwa zikwane. Tinachotsako mizere itatu pamwamba, denga n'kutsika. Khonde tinalisiya chifukwa likanadya malata ena ambiri, moti malata anangopitirira khoma ndi chikhatho chimodzi. Mazenera awiri akuluakulu tinawaika kumaso, koyang'ana msewu, kuti odutsa aziona. Zipinda zogona zinapatsidwa timazenera tating'ono, kamodzi kamodzi. Siling'i tinati tidzaika m'tsogolo, ndipo aliyense amadziwa kuti m'tsogolo mwa womanga nyumba simufika. Nyumbayo inayang'ana kumadzulo chifukwa msewu uli kumeneko. Palibe mmodzi wa ife anaimirira kufunsa kuti dzuwa lamadzulo lizidzamenya pati, poti mitengo imene inkalitchinga tinali titaiwotcha kale.

Usiku wa Loweruka lija ndinachita makani. Ndinatenga makiyi, n'kunena kuti ine ndigona m'nyumba yatsopano. Ndinkafuna kudzatsimikizira amayi m'mawa kuti ndi chizolowezi chabe chimene chikuwavuta. Nditatsekula chitseko ndinalandiridwa ndi mpweya wotentha wonunkha matumba. Ndinakhudza khoma la kuchipinda cha m'ma 9 koloko usiku, linali lofunda ngati m'mbali mwa mbaula. Ndinatsekula kazenera kaja koma mphepo sinalowe, poti inalibe potulukira. Udzudzu wokha ndiwo unalowa, wochokera ku dzenje la njerwa lija, limene mlongo wanga ankatayamo madzi otsukira mbale ndipo nyengo ya mvula linkasanduka dziwe. Ndinavula malaya, ndinanyowetsa chitenje n'kudzifunditsa, malata akungolira okha pamene ankazizira. Cha m'ma 12 koloko ndinagonja. Ndinanyamula mphasa n'kukayala pakhonde la nyumba ya bambo, pamene ndinkagona ndili mnyamata. Amayi anandimva. Kuchokera m'katimo anangoti, "Chitseko sindinakhome, lowa ungalumidwe." Ndinalowa. M'nyumbamo munali mozizira bwino ngati pansi pa mtsuko, ndipo ndinadzuka dzuwa litakwera.

Ndine mphunzitsi, ndipo zimene zinandichitikirazo ndimaziphunzitsa m'kalasi, kungoti ndinali ndisanaziganizepo pa nyumba yangayanga. Lata ndi chitsulo chopyapyala: dzuwa likaliwomba limatentha nthawi yomweyo, n'kumatsanulira kutenthako pa mitu ya anthu ali pansi pake, makamaka ngati latsika ndipo palibe siling'i. Udzu wofolera bwino uli ndi mpweya wambiri pakati pake, ndipo kutentha kumavutika kudutsamo. Komanso mpweya wotentha wa m'nyumba umakwera n'kupeza potulukira. Khoma lochindikala la dothi limamwa kutentha pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo kusanafike m'kati dzuwa limakhala litalowa. Khoma langa lopyapyala lija linkapsa ndi dzuwa lamadzulo popanda khonde kapena mtengo wolitchinga, n'kumabweza moto wonsewo m'chipinda nthawi yogona. Khonde la bambo, limene ine ndinkaliona ngati malo ongokhalapo nkhuku ndi alendo, linali ndi ntchito ziwiri zazikulu: kuletsa dzuwa kufika pakhoma, ndi kuletsa mvula kunyowetsa dothi. N'chifukwa chake nyumbayo yakhala zaka zonsezi osagwa. Bambo sanafike ngakhale Sitandade 5, koma anaika chitseko ndi mazenera moyang'anizana kuti mphepo izidutsa.

Patapita miyezi ingapo, mlamu wanga anapita kukadikirira nthawi yake pa chidikiro cha pachipatala cha boma ku Kasungu, ndipo ndinapita kukamusiyira ufa. Ndinkayembekeza kuona chinyumba chimodzi chachitali chokhala ndi mabedi m'mizere. Ndinapeza tinyumba ting'onoting'ono tambiri titayandikana ngati mudzi, pakati pake pali mabwalo, madenga ake atatambalala kwambiri moti amayi oyembekezera ankakhala panja pamthunzi, ena akuphika, ena akuchezerana pa mipando yomangidwa kumakoma. Malowa anamalizidwa mu 2015, ndipo anajambula ndi akatswiri a bungwe la MASS Design Group. Chimene chinandigwira maso ndi njerwa zake. Zinali zofiirira, zosalala, zofanana bwino, koma sizinapite pamoto. Ndi dothi losefa, losakaniza ndi simenti pang'ono, lothinikizidwa ndi makina opanikiza ndi manja, kenaka n'kuumitsidwa pamthunzi akuziwaza madzi. Ndinaima pamenepo ndi thumba la ufa paphewa, ndikuganiza kuti ichi n'chimodzimodzi mdindo wa bambo, kungoti wapita kusukulu. Alonda ndi azamba sankaona chachilendo. Panalibe amene ankati amayiwa awagoneka m'nyumba za umphawi.

Kuchokera apo ndinayamba kufufuza, ndipo ndinakumana ndi nkhani ya Francis Kéré wa ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kwathu kuno. Iye anachoka m'mudzi mwawo mwa Gando ali mwana kukaphunzira, mpaka anakafika ku Berlin kumene anachita maphunziro a zojambula nyumba. Atabwerera kuti amange sukulu ya pulayimale kwawo, imene inatha mu 2001, anasankha njerwa za dothi la pomwepo losakaniza ndi simenti pang'ono. Malata sanawakane. Anangowakweza pamwamba ndi tizitsulo, kutali ndi siling'i ya njerwa yokhala ndi mipata, kuti mphepo izidutsa pakati pa malata ndi siling'iyo, mpweya wotentha wa m'kalasi uzikwera n'kutuluka. Malatawo anawatambalitsa kupitirira makoma kuti mvula ndi dzuwa zisafike pa dothi. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, imene ndi yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Chimene chinanditonthoza n'chakuti nayenso anthu akwawo poyamba sanakondwe. Anatumiza mwana ku Ulaya, iye n'kubwerako ndi dothi lomwe lija.

Koma ndisakunamizeni ngati kuti nyumba ya dothi ndi udzu ilibe vuto, chifukwa ndinakuliramo. Imadontha ukachedwa kufolera. Chiswe chimadya mapaso, makoswe amaswerana m'denga, ndipo moto ukangogwira udzu palibe chimene mungapulumutse. Udzu wabwino wofolera masiku ano ndi wosowa, madambo ambiri anasanduka madimba, ndipo mtolo umagulidwa ndi ndalama. Amayi akukalamba, sangamasenze dothi lozirira mpaka kalekale. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023: nyumba za zidina ndi za dothi zimene zinalibe maziko okwera zinanyowa kuchokera pansi n'kukhala pansi ngati phala. Munthu amene anataya abale m'nyumba yotero simungamuuze za kuzizira kwa mdindo. Ndiponso zimandinyansa anthu a m'tauni, ogona m'nyumba za simenti zokhala ndi mafani, akamabwera kumudzi kudzaphunzitsa anthu kukonda udzu. Amayi sakonda umphawi. Amangofuna kugona tulo.

Boma nalo linalankhulapo. Mu 2018 linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za mabungwe ndi zamalonda, n'cholinga choteteza mitengo. N'chifukwa chake masiku ano midadada ya sukulu yambiri ikumangidwa ndi mabuloko a simenti. Ndi chiyambi chabwino, koma munthu wamba sichinamufike. Tulukani mu Lilongwe mwezi wa Seputembala kulowera kulikonse, muona mauvuni akufuka m'mbali mwa msewu ndi malole a zipika akulowera komweko. Anthuwo si ouma mitu. Thumba la simenti lakwera mtengo moti buloko ndi ya olemera, makina opanikizira dothi aja sapezeka m'midzi, ndipo amisiri ambiri sanaphunzitsidwe kumanga ndi china chilichonse kupatula njerwa yowotcha. Komanso simenti yomweyo imaphikidwa pa moto waukulu ku fakitale. Kungoti utsi wake sitiuona pakhomo pathu.

Nyumba ya amayi sindikanaigwetsa, ngongole yake inali itangotha kumene. Ndinayamba kuikonza pang'onopang'ono, malipiro akalola. Choyamba tinakwirira dzenje lija ndi zibenthu za njerwa ndi zinyalala za m'munda. Kenaka tinaboola makoma a zipinda zogona n'kuika mazenera ena moyang'anizana ndi akale, okhala ndi sefa wotchinga udzudzu. Pamwamba pa makoma a m'mbali, pansi penipeni pa denga, tinachotsa njerwa zingapo kuti mpweya wotentha uzitulukirapo. Siling'i ya m'sitolo sindinaikwanitse, choncho amalume anandipezera munthu woluka bango, ndipo tinakhoma mphasa zochindikala kunsi kwa mitanda. Chomaliza, chimene chinadya ndalama zambiri, chinali khonde la kumadzulo: nsanamira za bulugama ndi malata ena asanu ndi atatu. Ndikawerengetsa zonsezi, zikanakhala zotsika mtengo ndikanazichita pomanga pomwepo. Kutentha kunachepa ndithu, ngakhale sikunafike pa nyumba ya bambo.

Mayeso enieni anabwera chaka chatha, mphwanga atanena kuti akufuna kumanga yake, poti akukonzekera kukwatira. Anali atayamba kale kuyang'ana mitengo iwiri ya mango ya kumunda kwa agogo. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse: za chidikiro, za Kéré, za usiku uja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Achimwene, inu munamanga ya njerwa zowotcha, anthu anakuombereni m'manja. Ine ndiye ndikhale woyeserapo nzeru zanu zatsopanozi? Akuchikazi akabwera adzati mwana wathu akukalowa m'nyumba ya dothi."

Ndinalibe yankho lachangu, chifukwa sankanama. Ulemu umene ine ndinaugula ndi mitengo ya bambo ndinali nditaudya kale, ndipo tsopano ndinkamuuza iye kuti asaufune. Tinakangana masabata angapo, pafoni ndi pamaso. Amene anathetsa nkhaniyi ndi amalume, amene anakumbutsa kuti m'mudzi woyandikana nafe muli bambo wina wachikulire amene ankadinda nyumba kale ndipo chikombole chake adakali nacho. Tinapita kukawaona. Anatenga dothi la pamalo pamene mphwanga ankafuna kumanga, analifumbata, analigwetsa pansi, n'kunena kuti lili ndi makande ambiri, lidzang'ambika likauma, tisakanize ndi mchenga wa kumtsinje. Ine ndinayesa njira imene ndinawerenga, yothira dothi ndi madzi m'botolo, kukhutchumula n'kulisiya kuti mchenga ukhale pansi, dothi losalala pamwamba. Botolo linatenga tsiku lathunthu kuti linene zimene mkuluyo ananena ndi dzanja limodzi.

Tinagwirizana chonchi. Maziko akhale a miyala ndi simenti, okwera kufika m'bondo, pamwamba pake pepala la pulasitiki lakuda loletsa chinyontho kukwera. Makoma akhale a mdindo, ochindikala ngati a bambo, aatali kuposa a nyumba ya amayi. Denga likhale la malata, poti pamenepo mphwanga sanafune n'komwe kumva za udzu ndipo ine sindinamukakamize, koma likhale ndi khonde mbali zonse ndi siling'i ya bango. Mbali zazitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo lizimenya makoma aafupi. Ndalama zimene zikanapita kwa oumba njerwa ndi ku nkhuni zinagula malata a khondewo. Ine ndinalonjeza kulipira simenti ya maziko, kuti ndisangokhala wolalikira.

Pamene tinasiyana maganizo mpaka lero ndi pa pulasitala. Mkulu uja anachenjeza kuti simenti yokhayokha sigwirana bwino ndi khoma la dothi, imadzafufuma n'kugwa zigamba, ndipo madzi akalowa kuseri kwake satuluka; iye ankafuna dothi losakaniza ndi mchenga, pamwamba pake njereza. Mphwanga analola zimenezo kumbali zitatu. Kumaso, koyang'ana msewu, anapaka simenti ndi penti wobiriwira, kuti odutsa asadziwe chimene chili m'kati. Ndinafuna kutsutsa, koma ndinakumbukira mazenera anga awiri aja, n'kutseka pakamwa. Akuchikazi anabwera, anakhala pakhonde, anayamikira kuti m'nyumbamo mukuzizira bwino. Palibe anafunsa za njerwa, ndipo ife sitinayambitse nkhaniyo. Nyumbayo yangopyola dzinja limodzi lokha, choncho sindinganene zambiri. Ndikapitako ndimazungulira kuseri n'kumagogoda makoma ngati dokotala.

Amayi tsopano amagona m'nyumba ya malata miyezi yambiri ya pachaka, ndipo chimanga chinasamukira kuchipinda chaching'ono. Okutobala ndi Novembala amabwererabe ku mdindo, ndipo ndinasiya kufunsa. Chaka chino ndinalipira anyamata kuti aifolere bwinobwino, nyumba yomwe ija ndinkafuna kuigwetsa tsiku lotsegulira inzake. Kumadzulo kwa bwalo ndinabzala mitengo itatu ya mango, monga ndinalonjezera zaka zija. Iwiri mbuzi za amalume zinadya sabata yomweyo. Wachitatu mphwanga anautchingira ndi njerwa zimene zinatsala pa uvuni uja, ndipo pano wandifika m'chiuno. Amayi amauthirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo ulendo wathawu anandiuza kuti ndisadzautengulire nthambi zam'munsi msanga, chifukwa bambo ankatero ndipo mitengo yawo inkachedwa kuchita mthunzi.